Kodi ojambula zithunzi afuna ciani pa kamera yapamwamba ya mtsogolo?

Makamera apamwamba osintha malenzi, amene atola nkhani ndi akatswiri a zithunzi amagwiritsa nchito, amapangidwa makamaka ndi makampani a ku Japan. Otsogola pa malonda amenewa ndi Canon, Nikon ndi Sony. Pakapita zaka zingapo, kampani iliyonse imatulutsa kamera imodzi imene imaposa makamera ake onse.

Kamera yotere ndi yokwera mtengo. Canon EOS R1 inatuluka m'caka ca 2024 pa mtengo wa madola 6,299 a ku America, yopanda lenzi. Sony A1 II inalengezedwa caka comweco pa madola pafupifupi 6,500. Munthu amene watulutsa ndalama zotere amayembekezera kudyera kamerayo zaka zambiri. N'cifukwa cake ojambula amakambirana kwambiri zimene kamera yotsatira iyenera kukhala nazo.

Kale yankho linali limodzi, lakuti ma megapixel aculuke. Lero zofuna zazikulu ndi ziwiri. Coyamba, kamera isaphonye cinthu cimene cacitika m'kuphethira kwa diso. Caciwiri, cithunzi cake cikhale ndi umboni wakuti si capangidwa ndi kompyuta.

Kumene makamera awa acokera

Kamera yoyamba ya dijito inapangidwa ndi Steven Sasson wa ku kampani ya Kodak mu 1975. Inali kulemera makilogalamu oposa atatu ndi theka, ndipo inali kutenga masekondi 23 kusunga cithunzi cimodzi pa tepi ya kaseti. Mu 1999 kampani ya Nikon inatulutsa D1, imene inathandiza manyuzipepala ambiri kusiya filimu.

Makamera a nthawi imeneyo, otchedwa DSLR, ali ndi kalilole mkati. Kaliloleyo amatumiza kuwala ku kazenera koonerapo, ndipo amanyamuka pamene cithunzi cijambulidwa. Mu 2008 Panasonic inatulutsa Lumix G1, kamera yosintha malenzi yopanda kalilole. Mu kamera yotere kuwala kumafika molunjika pa sensa, kacipangizo kamene kanalowa m'malo mwa filimu. Pa makamera a sensa yaikulu, Sony inatsatira njira imeneyi ndi A7 mu 2013, ndipo Canon ndi Nikon anacita cimodzimodzi mu 2018. Makamera aakulu otsiriza a kalilole, Nikon D6 ndi Canon EOS-1D X Mark III, anatuluka mu 2020. Motero kamera ya mtsogolo imene ojambula akamba ndi yopanda kalilole.

Ma megapixel akwana

Cithunzi ca dijito cimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Megapixel imodzi ndi timadontho miliyoni imodzi. Nikon D1 inali ndi ma megapixel 2.7. Nikon Z9 ya mu 2021 ili ndi 45.7, Sony A7R IV ya mu 2019 ili ndi 61, pamene Fujifilm GFX100 ya caka comweco ili ndi 102.

Koma kanema wa 4K amaonetsa ma megapixel asanu ndi atatu cabe. Canon EOS R1, imene inapangidwira atola nkhani ndi ojambula zamasewera, ili ndi 24. Izi zili tero cifukwa timadontho tikaculuka, cithunzi cimalemera, khadi limadzala msanga, ndipo kutumiza cithunzi ku ofesi kumatenga nthawi. Wojambula nyama ndi mbalame amapindula kwambiri ndi timadontho tambiri, popeza amadula cithunzi kuti cinthu cakutali cioneke pafupi. Ambiri afuna kamera ya ma megapixel 45 kapena 50 imene ingathenso kusunga zithunzi zopepuka pamene nchito ili ya cangu.

Sensa yowerenga zonse nthawi imodzi

Masensa ambiri amawerenga kuwala mzere ndi mzere, kucokera pamwamba kufika pansi, monga mmene munthu amawerengera tsamba la buku. Ngati cinthu cithamanga kwambiri, cimakhala citasuntha pamene sensa ifika pa mzere wotsiriza. Zotsatira zake n'zakuti mpira umaoneka ngati dzira, ndipo mapiko a mbalame amapindika. Pansi pa magetsi ena a LED, cithunzi cimatuluka ndi mizere yakuda.

Sony inacepetsa vuto limeneli mu 2017 ndi A9, imene sensa yake imawerenga mofulumira kwambiri. Nikon Z9 inafika pocotseratu katseko ka mkati kamene kamatseguka ndi kutseka pojambula, kotero imatha kujambula mwakacetecete m'chalichi kapena pafupi ndi nyama.

M'mwezi wa November 2023, Sony inalengeza A9 III, imene sensa yake imawerenga timadontho tonse panthawi imodzi. Njira imeneyi imatchedwa global shutter. Kamerayi imajambula zithunzi 120 pa sekondi imodzi, ndipo palibe cimene cimapindika.

Komabe pali cimene cinatayika. ISO ndiwo muyeso wa mmene sensa imamvera kuwala, ndipo ikakhala yotsika cithunzi cimakhala coyera bwino. Makamera ambiri amayambira pa ISO 100 kapena 64, koma A9 III imayambira pa 250. Kotero siisunga bwino kwambiri mbali zowala ndi zamdima m'cithunzi cimodzi monga makamera anzake. Ilinso ndi ma megapixel 24.6 cabe. Cimene ojambula afuna ndi sensa ya global shutter ya timadontho tambiri, yosataya ubwino wa cithunzi. Ici ndico cofunika cacikulu pa mbali ya umisiri.

Kamera yodziwa cimene iyang'ana

Cithunzi cimaoneka bwino ngati lenzi yalunjika pa malo oyenera, makamaka pa diso. Makamera a lero amacita zimenezi okha. Nikon Z9 inatuluka ikuzindikira mitundu isanu ndi inai ya zinthu: anthu, agalu, amphaka, mbalame, magalimoto, njinga zamoto, njinga zakapalasa, sitima za pamtunda ndi ndeke. Canon EOS R1 imatha kutsata wosewera amene ali ndi mpira pa masewera a mpira wa miyendo, basketball ndi volleyball. Canon EOS R3 ya mu 2021 imalunjika pamene diso la wojambula layang'ana.

Vuto limatsala pamene pali zocinga. Kambuku akabisala m'udzu ku South Luangwa, kapena munthu mmodzi akakhala pakati pa khamu, kamera imatha kusiya diso n'kugwira udzu kapena nkhope ya wina. Mumdima vutoli limakula. Ojambula afuna kamera imene ikagwira cinthu siicitaya.

Cina ndi kujambula batani isanadinidwe. Olympus inaika luso limeneli mu E-M1 Mark II ya mu 2016. Wojambula akagwira batani pang'ono, kamera imayamba kusunga zithunzi kwa kanthawi, ndipo akadina, imasunganso zija za m'mbuyo. Sony A9 III imabwerera m'mbuyo mpaka sekondi imodzi. Mbalame ikauluka cala cisanadine, cithunzi cimapezekabe.

Liwiro lotere limabala nchito ina. Munthu wobwerako ku bwalo la mpira ndi zithunzi zikwi zambiri ayenera kusankha zisanu nyuzipepala isanapite kosindikiza. Motero afunanso kamera imene ingathandize kupatula zithunzi zooneka bwino.

Umboni wakuti cithunzi n'coona

M'mwezi wa April 2023, wojambula wa ku Germany Boris Eldagsen anakana mphotho imene anapambana pa mpikisano wa Sony World Photography Awards. Iye anaulula kuti cithunzi cake cinapangidwa ndi kompyuta, osati kamera. Nkhaniyi inaonetsa kuti diso lokha silingathenso kusiyanitsa coona ndi copeka. Kwa atola nkhani iyi ndi nkhani yaikulu, makamaka pa nthawi ya masankho, pamene cithunzi cabodza cingaononge mbiri ya munthu kapena kuutsa cipolowe.

Mu 2021 makampani ndi mabungwe monga Adobe, BBC, Intel ndi Microsoft anakhazikitsa bungwe la C2PA kuti likonze njira yodziwira kumene cithunzi cacokera. Njirayi imayenda motere. Mkati mwa kamera muli kiyi yobisika. Pamene cithunzi cijambulidwa, kamera imaikapo cidindo cosaoneka cimene cimanena mtundu wa kamera ndi nthawi yake. Cithunzi cikakonzedwa pa kompyuta ndi pulogalamu yogwirizana ndi njirayi, zimene zasinthidwa zimalembedwa pa cidindoco. Wina akasintha mobisa, cidindo cimaonetsa kuti cithunzi casokonezedwa.

Leica M11-P ya mu October 2023 ndiyo kamera yoyamba kugulitsidwa ili ndi luso limeneli. Sony, Canon ndi Nikon aliikanso m'makamera awo ena. Koma nchitoyi ikali ndi zovuta. Mu 2025 Nikon inaimitsa nchito yake ya cidindo pa kamera ya Z6III atapeza kuti munthu angapusitse kamerayo kudinda cithunzi cimene sinajambule. Ndiponso malo ena a pa intaneti amafufuta cidindo pamene cithunzi ciikidwapo.

Tiyeneranso kudziwa malire ake. Cidindo cimanena kuti cithunzi cinatuluka m'kamera, koma sicinena ngati anthu a m'cithunzico anacita kukonzedwa kuti aime motero. Ngakhale n'tero, ojambula afuna kuti kamera iliyonse yapamwamba ikhale ndi cidindo cosavuta kugwiritsa nchito, ndiponso kuti mwini wake azisankha ngati dzina lake ndi malo zionekere, popeza nthawi zina kudziwika kumaika moyo wa mtola nkhani pa ngozi.

Pali pempho lina lakale logwirizana ndi limeneli. Mu December 2016, ojambula zithunzi ndi opanga mafilimu oposa 150 anasaina kalata ya bungwe la Freedom of the Press Foundation yopempha makampani a makamera kuti zithunzi za pa khadi zizikhomedwa ndi nambala yacinsinsi, monga zilili pa foni. Colinga cinali cakuti kamera ikalandidwa kapena kubedwa, anthu a m'zithunzi asadziwike. Pempholi likali m'gulu la zinthu zimene atola nkhani afuna.

Fumbi, mvula, kutentha ndi batili

Kamera yopanda kalilole imasiya sensa poyera pamene lenzi isinthidwa. Wojambula pa mwambo wa Kulamba ku Katete m'mwezi wa August amalimbana ndi fumbi, pamene wa pa Nc'wala ku Mtenguleni m'mwezi wa February amalimbana ndi mvula. Nikon Z9 ili ndi cophimba cimene cimatseka sensa kamera ikazimitsidwa. Makampani ambiri amangonena kuti kamera yawo imapirira nyengo, osachula muyeso. OM System OM-1 ya mu 2022 ili ndi muyeso wodziwika wa IP53 wa fumbi ndi madzi, ndipo ogula afuna kuti ena acite cimodzimodzi.

Makamera ambiri anapangidwa kuti agwire nchito mpaka madigiri 40, koma m'cigwa ca Luangwa kutentha kumapitirira pamenepo m'mwezi wa October. Vidiyo ndiyo imatenthetsa kamera kwambiri. Canon EOS R5 ya mu 2020, imene inabweretsa vidiyo ya 8K, inadandaulitsa ambiri cifukwa inali kuima ikatentha. Mu 2022 kampaniyo inatulutsa R5 C yokhala ndi fani mkati.

Pa batili, makamera atsopano anabwerera m'mbuyo. Malinga ndi muyeso wa bungwe la opanga makamera la CIPA, Nikon D6 imajambula zithunzi 3,580 pa batili imodzi, pamene Z9 imajambula pafupifupi 700, cifukwa sensa ndi kazenera koonerapo zimadya magetsi nthawi zonse. Amene anagwira nchito mu Zambia mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, adziwa tanthauzo la zimenezi. Cothandiza n'cakuti makamera atsopano amalandira magetsi kupyolera pa nthambo ya USB-C, imene maiko a European Union analamula kuti ikhale pa makamera atsopano kuyambira December 2024.

Kusunga zithunzi ndi malenzi

Wojambula ukwati sangapemphe mkwati ndi mkwatibwi kubwereza mwambo khadi likaonongeka. N'cifukwa cake kamera yapamwamba imakhala ndi malo a makhadi awiri, kuti cithunzi cilembedwe kawiri. Hasselblad X2D ya mu 2022 inaonjezera malo osungira a terabyte imodzi mkati mwa kamera, ndipo ambiri afuna kuti makampani ena atengere citsanzo.

Lenzi ya kampani imodzi siilowa pa kamera ya kampani ina popanda columikizira, ndipo malenzi abwino amatha kuposa kamera pa mtengo. Sony inalola makampani monga Sigma ndi Tamron kupanga malenzi a makamera ake. Leica, Panasonic ndi Sigma anagwirizana mu 2018 kugwiritsa nchito polowera pamodzi. Mu 2024 Canon inalola Sigma ndi Tamron kupanga malenzi a makamera ake a sensa yaing'ono. Ogula afuna ufulu woonjezereka, popeza mpikisano umatsitsa mitengo.

Cifukwa cake nkhaniyi ikhudza wojambula wamba

Malinga ndi CIPA, makamera a dijito amene anatumizidwa ku misika mu 2010 anali pafupifupi 121 miliyoni. Mu 2024 anali osakwana 9 miliyoni, cifukwa mafoni analanda msika wa makamera ang'onoang'ono. Makampani tsopano aika mtima pa makamera okwera mtengo.

Koma luso la kamera yaikulu limatsikira ku makamera ocepera mtengo. Nikon Z9 inatuluka pa madola 5,500, ndipo mu 2023 sensa yomweyo inaikidwa mu Z8 ya madola 4,000. Makamera akale nawonso amatsika mtengo pamene eni ake agula atsopano.

Munthu wofuna kugula kamera yotere angacite bwino kufunsa za liwiro la sensa, kulimba kwa batili, malo a makhadi, mtengo wa malenzi ndi cidindo ca umboni, asanafunse za ma megapixel.