Mabuku a Legson Kayira ndi Owerenga a Kwawo

M'masiku aja boma la Karonga lisanagawidwe pawiri, pamene malire ake anayambira m'madambo a mpunga a m'mbali mwa nyanja, m'dziko la a Kyungu, nakathera ku mapiri a Fort Hill kumene lero titchula Chitipa, m'mudzi wa Mpale munabadwa mwana amene dziko linadzamdziwa ndi dzina la Legson Kayira. Ataphunzira ku Livingstonia, mnyamatayo ananyamuka wapansi m'chaka cha 1958, Baibulo ndi buku la John Bunyan zili m'kathumba, ndipo atapyola Tanganyika ndi Uganda nafika ku Khartoum, anaoloka nyanja nakalowa sukulu ya Skagit Valley College ku America mu 1960. Ulendowo anaulemba m'buku la I Will Try mu 1965, ndipo azungu analigula mwaunyinji, pakuti mbiri ya mwana waumphawi wofunafuna nzeru inawakomera m'khutu.

Koma ine ndinena kuti mtima wa Kayira suli m'buku la ulendo lija. Uli m'nthano ziwiri zimene anazilemba pambuyo pake, momwe anabwerera kumudzi ndi cholembera ngakhale mapazi ake anali kutali. Mu The Looming Shadow, ya mu 1967, munthu adwala namwalira m'nthawi ya atsamunda, mnzake anenezedwa ufiti, ndipo mudzi wonse usanduka bwalo la milandu, sing'anga kwake, nyakwawa kwake, aliyense kufuna kudziwa amene wadya munthuyo. Mu Jingala, ya mu 1969, tikumana ndi nkhalamba yofedwa mkazi, imene kale inali yokhometsa msonkho, ikudikira kukwatira kamtsikana kotchedwa Liz, pamene mwana wake mmodzi yekhayo, Gregory, afuna kulowa unsembe. Ndipo mtsikanayo athawa ndi mnyamata wobwera ku migodi ya ku Joni.

Wowerenga wakunja akhoza kuseka Jingala ndi kudzikuza kwake, nayesa kuti ndi nkhalamba yopusa yolimbana ndi nyengo yatsopano. Wobadwira ku Karonga, amene adziwa kulemera kwa ng'ombe za malowolo, ndi manyazi a bambo amene dzina lake lidzathera pa iye yekha chifukwa mwana wakana kukwatira, sangaseke nthawi yaitali, popeza m'mudzi uliwonse munali nkhalamba yotero, ndiponso mtchona wobwera ndi sutikesi, chipewa ndi njinga, amene atsikana ankamsuzumira kuseri kwa nthochi. Mkulu akawerenga adzaima ndi bambo, wachinyamata adzaima ndi mwana, ndipo wolemba, mwa nzeru zake, sanagamule mlanduwo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti owerenga amene akadamvetsa nthanozi koposa onse ndiwo anazipeza movutikira. Zinalembedwa m'Chingerezi ndi kusindikizidwa kutsidya kwa nyanja, pamene anthu ake amalankhula Chingonde, Chitumbuka ndi Chilambya. Ndipo m'chaka cha 1968, chomwenso Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi, boma linakhazikitsa lamulo lounika mabuku ndi kuletsa amene silinawafune. Kayira atatulutsa The Detainee mu 1974, nthano ya munthu wamba wotsekeredwa popanda mlandu pansi pa ulamuliro wankhanza, njira ya kwawo inatsekeka, ndipo dzina lake silinalinso lotchula mokweza pa msonkhano. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Komabe iye anakhala ku England kufikira imfa yake ku London mu 2012.

Lero pa boma la Karonga pali nyumba yosungiramo zakale imene inatsegulidwa mu 2004, momwe ana a sukulu amaimirira kukamwa kuli yasa poona mafupa a Malawisaurus ndi kumva za Mlozi amene anapachikidwa mu 1895. Ndikhumba kuti ana omwewo, a ku Chaminade ndi a sukulu za m'midzi ya ku Nyungwe ndi Kaporo, apatsidwenso mabuku awiriwa m'manja, ndi kuti apezeke omasulira owatembenuzira m'zilankhulo za kwawo, kuti agogo osadziwa Chingerezi awamve powerengeredwa ndi adzukulu, naweruze okha mlandu wa Jingala ndi mwana wake.