Kuwerenga Mbalame Pawindo ku Britain

Ku Britain, chidwi choonerera mbalame chinakula limodzi ndi nkhondo yoteteza mbalamezo. Mu 1889, Emily Williamson anayambitsa ku Manchester gulu lokana zipewa za nthenga, lomwe pambuyo pake linadzakhala bungwe loteteza mbalame la RSPB. Kwa nthawi yaitali chizolowezi choonerera mbalame chinkafuna miyendo yolimba, poti anthu ankayenda mitunda m'madambo ndi m'mapiri.

Mu 1979 bungweli linayambitsa Big Garden Birdwatch, poyamba ya ana okhaokha, ndipo akuluakulu anailowa mu 2001. Lamulo lake silivuta: kumapeto kwa Januwale, munthu amawerenga kwa ola limodzi mbalame zotera pakhomo pake. Agogo oyendera ndodo kapena njinga ya olumala amangokhala pawindo, tiyi ali pambali, n'kumalemba. Pa kuwerengaku, mpheta ndizo zatsogola kwa zaka zoposa 20.