CHIPHASO CHA ONGA: MBIRI YA MAGAWIDWE A NTCHITO M'MIGODI YA KU JONI

Omvera ambiri amene ali pafupi ndi wailesi madzulo ano ali ndi mbale, kaya agogo kaya amalume, amene adapitako ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ya golide. Akuluakulu amenewa akafunsidwa ntchito imene ankagwira, amayankha ndi dzina limodzi lokha: wina adali wolayisha, wina wa makina, wina basiboyi, wina mabalani. Maina amenewa sadali ongoitanirana chabe ayi. Dzina lililonse lidali ndi malo ake pa mndandanda wa ntchito, ndipo mndandandawo ndiwo unkalamula malipiro a munthu, ulemu wake, ndi pamene kukwera kwake kunkathera. Nkhani ya lero ikufotokoza mmene mndandanda umenewu udapangidwira, amene adaupanga, ndi chimene unkayesa kwenikweni.

Kugawa ntchito m'magulu si chinthu choipa mwa icho chokha. Boma lofuna kudziwa aphunzitsi, amisiri ndi alimi amene lili nawo liyenera kuwawerenga m'magulu. Bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, limene likulu lake lili ku Geneva, lidatulutsa mndandanda wotere mu 1958, nkuukonzanso mu 1968, mu 1988 ndi mu 2008. Kuyambira 1988 mndandandawo uli ndi magulu akuluakulu 10 ndi masitepe 4 a luso. Umafunsa mafunso awiri: kodi ntchitoyi ndi ya mtundu wanji, ndipo imafuna luso lochuluka bwanji? Mafunso onse awiri amayang'ana ntchito, osati munthu woigwira. Ku migodi ya ku South Africa kudali funso lachitatu, losiyana ndi awa, limene lidaposa onse mphamvu.

Golide adapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886. Mwala wa kumeneko uli ndi golide wochepa ndipo umalowa pansi kwambiri, kotero kuti eni migodi sakadapindula popanda anthu ambirimbiri a malipiro otsika. Pamodzi ndi iwowa padafunika amisiri odziwa kukumba pansi pa nthaka, ndipo oyamba adachokera kunja, makamaka ku Cornwall ndi zigawo zina za Britain. Pa chiyambi penipeni, tsono, kusiyana kwa luso kudalipodi. Koma luso limaphunzirika. Munthu wakuda amene adagwira ntchito pambali pa mmisiri kwa zaka zingapo adayamba kudziwa zonse zimene mmisiriyo ankadziwa, ndipo eni migodi adaona kuti angathe kumlipira pang'ono pa ntchito yomweyo. Azungu apantchito nawonso adaziona, nachita mantha.

Mu 1893 nyumba ya malamulo ya dziko la Transvaal idalamula kuti ntchito yophulitsa miyala ndi onga igwiridwe ndi Azungu okha. Chifukwa chimene chidaperekedwa chidali cha chitetezo cha miyoyo. Mu 1904, pamene migodi idayamba kuitanitsa anthu a ku China, amene adafika oposa 60,000, lamulo lowalowetsa m'dziko lidatchula ntchito za umisiri zoposa 50 zimene iwo sankaloledwa kuzikhudza. Matchaina aja adabwezedwa kwawo pofika 1910, koma mndandanda udatsala, ndipo Azungu adayamba kuutenga ngati malire a ntchito zawo. Mu 1911 boma latsopano la South Africa lidakhazikitsa lamulo la Mines and Works Act, ndipo malangizo otuluka pansi pa lamulolo adaletsa anthu akuda a ku Transvaal ndi Orange Free State kulandira ziphaso za umisiri. Chachikulu mwa ziphasozo chidali chiphaso chophulitsira miyala. Wopanda chiphasochi sakadatchedwa mmisiri wa mgodi, ngakhale atakalamba ali pansi pa nthaka.

Zochitika m'kati mwa mgodi zidali zina. Mzungu wa chiphaso ankayang'anira magulu angapo a anthu, ndipo sakadakhala pamalo ponse nthawi imodzi. Amene ankakhala ndi gulu tsiku lonse adali basiboyi, munthu wamkulu wa banja lake amene ankatchedwabe mnyamata. Iyeyu ankagogoda denga ndi kumvetsera ngati mwala uli wolimba, ankaona kuti mizati yaimikidwa bwino, ankaphunzitsa alendo, ndipo kawirikawiri ankagwiranso ntchito zimene lamulo lidapatsa Mzungu yekha. Pa pepala, basiboyi sadali mmisiri. Pansi pa nthaka, miyoyo ya anthu idali m'manja mwake.

Nkhaniyi idafika pokhetsa mwazi mu 1922. Mtengo wa golide utatsika, bungwe la eni migodi la Chamber of Mines lidafuna kuchotsa Azungu pafupifupi 2,000 pa ntchito za luso lapakati ndi kuikapo anthu akuda. Eni migodi sadachite izi chifukwa cha chifundo, koma pofuna kuchepetsa ndalama zolipira. Azungu adanyanyala ntchito mu Januwale, ndipo pofika Malichi kunyanyalako kudasanduka nkhondo. Nduna yaikulu Jan Smuts idatumiza asilikali, mizinga ndi ndege. Anthu oposa 150 adafa, ndipo ena mwa iwo adali anthu akuda amene adaphedwa ndi Azungu onyanyalawo, ngakhale kuti palibe amene adawafunsa maganizo awo pa mkanganowo.

Chaka chotsatira, mu 1923, mkulu wa mgodi wina, dzina lake Hildick-Smith, adazengedwa mlandu chifukwa cholola munthu wakuda kuyendetsa kasitima ka magetsi. Bwalo lalikulu la Transvaal lidagamula kuti malangizo osankha anthu potsata khungu adapyola mphamvu zimene lamulo la 1911 lidapereka. Mlanduwu udaonetsa poyera chinthu chimene aliyense ankachidziwa: munthuyo kasitimako ankatha kukayendetsa. Koma Azungu apantchito, amene adagonja pa nkhondo, adapambana pa chisankho cha 1924. Boma la J.B.M. Hertzog lidakonza lamulo lija mu 1926, ndipo tsopano lidatchula mitundu ya anthu ololedwa kulandira ziphaso: Azungu ndi magulu ena a Makaladi. Anthu akuda ndi Amwenye adatsekeredwa kunja. Lamulo la 1956 lidabwereza zomwezo. Kuyambira pamenepo mawu akuti waluso ndi wopanda luso adaleka kunena za manja a munthu. Ankanena za kubadwa kwake.

Anthu a ku Nyasaland adalowa m'dongosolo limeneli ali ambiri. Mu 1913 boma la South Africa lidaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22 kumwera kwa ikweta, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo, koma m'zaka za m'ma 1930 chiletsocho chidachotsedwa ndipo Wenela idayambanso kulemba anthu kuno. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, migodi idayamba kuyesa alendo onse asanatsike pansi. Mayesowo adakonzedwa ndi bungwe la National Institute for Personnel Research motsogozedwa ndi Simon Biesheuvel. Popeza alendowo ankalankhula zilankhulo zosiyanasiyana, malangizo ankaperekedwa ndi kanema wopanda mawu. Munthu ankasanja tizitsulo ndi kulumikiza timatabwa, ndipo zotsatira zake zinkasonyeza ngati apite ku fosholo, ku makina, kapena akaphunzire ukapitawo. Mayeso amenewa ankatha kuzindikira munthu wanzeru, koma ngakhale wopambana onse sakadakwera kupyola pa ubasiboyi. Kalaliki wakuda, mabalani uja, ngakhale adali wophunzira bwino ku sukulu ya mishoni, naye adali ndi denga lake.

Phindu la mndandandawu lidaonekera m'thumba. Mu Ogasiti 1946 anthu akuda oposa 60,000 adanyanyala ntchito pofuna malipiro a mashiling'i 10 pa tsiku. Apolisi adawabwezera m'migodi ndi mfuti, ndipo anthu osachepera 9 adaphedwa. Katswiri wa za chuma Francis Wilson, m'buku lake la 1972, adaonetsa kuti mu 1911 pa ndalama imodzi iliyonse imene munthu wakuda ankalandira, Mzungu ankalandira pafupifupi 12, ndipo pofika 1969 ankalandira 20. Adapezanso kuti, poyerekeza ndi mitengo ya zinthu, malipiro a munthu wakuda mu 1969 sadapose a mu 1911. Zaka 58 zidadutsa, migodi idazama, makina adasintha, koma wolayisha adaima pomwe adaima agogo ake.

Zinthu zidayamba kugwedezeka m'zaka za m'ma 1970, mtengo wa golide utakwera kwambiri. Makampani a migodi adatenga njira yatsopano yoyesera ntchito, imene adaikonza Thomas Paterson wa ku yunivesite ya Strathclyde ku Scotland. Njirayi imagawa ntchito m'magulu 6, kuyambira A mpaka F, potsata kukula kwa nkhani zimene munthu amagamula yekha pa ntchito yake. Mmenemo mulibe mawu onena za khungu. Komabe njirayi siiwerengera thukuta, fumbi kapena ngozi. Munthu wogwira makina oboola mwala, amene mkono wake umanjenjemera tsiku lonse, adapezekabe m'magulu apansi. Pa 11 Sepitembala 1973, pa mgodi wa Western Deep Levels pafupi ndi Carletonville, anthu a makina adadandaula kuti malipiro atsopano adafupikitsa mpata pakati pa iwo ndi anzawo a ntchito zina. Apolisi adaombera, ndipo anthu 11 adafa.

M'chaka chimenecho Amalawi a m'migodi ya South Africa adali oposa 100,000. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo boma la Malawi lidaimitsa kulemba anthu mpaka 1977. Kuchoka kwa anthu ochuluka chotero kudakakamiza eni migodi kukweza malipiro kuti akope anthu a mu South Africa momwemo. Mu 1979 boma la dzikolo, potsata malangizo a komiti ya Nic Wiehahn, lidachotsa lamulo losungira Azungu ntchito m'mafakitale, koma ku migodi bungwe la Azungu lidakana kwamtuwagalu. Mu 1982 anthu akuda adakhazikitsa bungwe lawo la National Union of Mineworkers, mlembi wake wamkulu ali Cyril Ramaphosa. Pomaliza, mu 1987, nyumba ya malamulo idachotsa mawu osankha mitundu m'lamulo la migodi, ndipo mu 1988 anthu akuda oyamba adalandira chiphaso chophulitsira miyala. Padapita zaka 95 kuchokera pa lamulo la 1893. Chaka chomwecho cha 1988 kulemba Amalawi kudatha, maboma awiri atasemphana pa nkhani yoyeza anthu magazi kaamba ka kachilombo ka HIV. Chitseko chidatseguka Amalawi ali pa ulendo wobwerera kwawo.

Khungu lidachoka m'lamulo, koma mkangano wa mndandanda sudathe. Mu Ogasiti 2012, pa mgodi wa pulatinamu wa ku Marikana, amene adayambitsa kunyanyala adali anthu a makina oboola mwala, ofuna malipiro a R12,500 pa mwezi. Pa 16 Ogasiti apolisi adapha anthu 34. Dandaulo lawo lidali lomwe lija la 1973: ntchito yoopsa koposa idalembedwa pa sitepe yapansi.

Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti mndandanda wa ntchito umalembedwa ndi anthu, ndipo olembawo amasankha chimene chiwerengedwe ngati luso ndi chimene chisiyidwe. Tsono wachinyamata amene akulandira kalata ya ntchito yotchula giredi yake achita bwino kufunsa kuti girediyo idayesedwa ndi muyeso wanji, ndipo adaikonza ndani. Ndipo pa mudzi pamene pali mkulu amene adali basiboyi ku Joni, ana ayenera kudziwa kuti munthuyo adali mmisiri wa mgodi. Chimene adamanidwa chidali chiphaso chokha.