Kodi "full-frame" n'chiyani?

Ojambula zithunzi akamakambirana za makamera, mawu akuti "full-frame" sachedwa kutuluka. Mawuwa amanena za kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala m'kati mwa kamera. Sensa ya full-frame imakhala ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi.

Muyeso umenewu ndi wakale kuposa makamera a digito. Unachokera pa filimu ya 35mm imene Oskar Barnack wa kampani ya Leitz ku Wetzlar, m'dziko la Germany, anagwiritsa ntchito popanga kamera ya Leica, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1925. Makamera a digito atabwera, sensa yaikulu chonchi inali yodula kwambiri, choncho ambiri ankakhala ndi yaing'ono. Apa m'pamene panafunika dzina losiyanitsa: sensa ya full-frame ndi imene ikufanana kukula ndi chithunzi chimodzi cha pa filimu ija.

Kusiyanaku kumaonekera pa lenzi. Mukaika lenzi ya 50mm pa kamera ya sensa yaing'ono ya APS-C, chithunzi chimadulidwa m'mbali, n'kumaoneka ngati chajambulidwa ndi lenzi ya pafupifupi 75mm. Pa chithunzi cha ukwati, amene aima kumapeto kwa mzere amatsala kunja.

Kupanga malenzi okwanira sensa yaikulu si ntchito yamasewera, ndipo makampani ena amathandizana. Mwachitsanzo, kamera ya Contax N Digital ya mu 2002 inkagwiritsa ntchito malenzi a kampani ya Zeiss. Mu 2018, Leica, Panasonic ndi Sigma anapanga mgwirizano wa L-Mount, woti lenzi ya kampani imodzi izilowa pa kamera ya inzake.