Rege ya ku Balaka ndi ku Chileka: Mbiri ya Nyimbo Zodzudzula Atsogoleri m'Malawi

Chamba cha rege, chomwe chidabadwira pachilumba cha Jamaica chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, chidasanduka njira yaikulu yodzudzulira atsogoleri m'Malawi kuyambira nthawi imene ulamuliro wa chipani chimodzi unkafika kumapeto, ndipo malo awiri amene adachilera, Balaka ndi Chileka, sadali mizinda ya anthu achuma kapena ophunzira kwambiri, koma madera a alimi, ogulitsa m'misika ndi achinyamata osowa ntchito. Mbiri ya nyimbozi ikuonetsa kuti mphamvu yake siinkachokera ku zoimbira zachilendo ayi, koma inkachokera ku mwambo wakale wodandaula kudzera m'nyimbo, ndiponso ku malo amene woimba ankaima, kutanthauza pakati pa anthu wamba, kutali ndi mipando ya olamula.

Mwambo wodandaula poimba ndi wakale kuposa wailesi ndi kaseti. Nyimbo za pamtondo, zomwe amayi amaimba posinja chimanga, zinkapereka danga kwa mkazi wozunzika kuti adzudzule mwamuna wake, apongozi kapena mkazi mnzake popanda kuitanidwa ku bwalo la milandu, chifukwa mawu oimbidwa sankawerengedwa ngati chipongwe. Chimodzimodzinso m'gule wamkulu, momwe zilombo zinkatha kuseka mfumu yaumbombo, mzungu wamsonkho kapena munthu wodzikuza, popeza wovina sankadziwika ndipo ankaimira mizimu. Chida chachikulu m'miyambo iwiriyi chidali zining'a, ndiko kunena kuti mawu okhala ndi tanthauzo lobisika, amene mwini nkhani amawamva bwinobwino koma sangawagwiritse ntchito ngati umboni.

Ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda udazindikira msanga mphamvu ya nyimbo, ndipo udaigwiritsa ntchito mbali ziwiri. Dziko litasanduka la chipani chimodzi cha Malawi Congress Party mu 1966, ndipo Kamuzu atalengezedwa kukhala mtsogoleri wamuyaya mu 1971, magule a m'midzi monga chimtali ndi chiwoda adasinthidwa mawu kuti amayi otchedwa mbumba azitamanda nawo Ngwazi pamisonkhano. Mbali inayo, lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo zisanafike kwa anthu, ndipo popeza wailesi ya MBC idali yokhayo m'dziko lonse, komanso situdiyo zake ndizo zinkajambula oimba ambiri, nyimbo yokayikitsa inkafera pakhomo isanamveke. Malamulo a m'zaka za m'ma 1970 ankaletsanso amuna kusunga tsitsi lalitali, zomwe zidachititsa kuti chikhulupiriro cha Chirasita, chimene chimayenda limodzi ndi rege, chisaonekere poyera ngakhale kuti makaseti a Bob Marley ndi Peter Tosh ankamvedwa m'nyumba zambiri.

Kumene rege ya Chimalawi idapeza pobisala ndi m'tchalitchi. Mu 1978 pa parishi ya Katolika ya Balaka padabadwa gulu la Alleluya Band, lomwe lidayamba ndi anyamata a m'deralo motsogozedwa ndi Paul Banda, mothandizidwa ndi wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Italy, bambo Mario Pacifici. Gululi linkaimba nyimbo zauzimu, ndipo nyimbo yauzimu inkatha kunena za umphawi, matenda, chilungamo ndi chiweruzo popanda kutchula dzina la munthu, motero Baibulo lidakhala nkhokwe yatsopano ya zining'a. Kuchokera m'gululi mudatuluka kaimbidwe kamene anthu adakatcha ka ku Balaka, komwe kamasakaniza kugunda kwa rege, kumene gitala ya besi imalemera ndipo kiyibodi imadula pakati pa kugunda kwa ng'oma, ndi mawu ogwirizana a kwaya ya m'tchalitchi, mwakuti nyimbo imodzi yomweyo inkatha kumveka pamaliro, m'basi ngakhalenso m'malo omwera mowa.

Sizidangochitika mwangozi kuti Balaka yomweyo idalowa m'mbiri ya kusintha kwa ndale. Kalata ya maepiskopi a Katolika, yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 ndi kudzudzula poyera kusiyana kwa olemera ndi osauka, kumanga anthu popanda mlandu komanso kutseka anthu pakamwa, idasindikizidwa pa makina a Montfort ku Balaka, ndipo malowo adatenthedwa ndi anthu okwiya ndi kalatayo. Zotsatira zake zidabwera mofulumira, pakuti pa 14 Juni 1993 pafupifupi anthu awiri mwa atatu aliwonse ovota adasankha ndale za zipani zambiri, ndipo pa 17 Meyi 1994 Bakili Muluzi wa chipani cha United Democratic Front adapambana chisankho. M'nyengo imeneyi Lucius Banda, mng'ono wake wa Paul, yemwe adabadwa mu 1970 ndipo adakulira mu Alleluya Band, adatulutsa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chomwe adakajambulira ku South Africa. Nyimbo ya "Mabala" ya m'chimbalechi idakamba za zipsera zimene ulamuliro wakale udasiya m'mitima ya anthu, ndipo kufunika kwake kudali kwakuti zinthu zimene kwa zaka makumi atatu zinkanenedwa monong'ona tsopano zidaimbidwa mokweza, m'Chichewa chomveka kwa aliyense. Woimbayo adadzitcha msilikali wa amphawi, ndipo dzina loti Soja lidamumatirira mpaka imfa yake.

Nyimbozi zidafalikira chifukwa cha kaseti, yomwe idali yotsika mtengo, yosavuta kukopera ndiponso yosadalira chilolezo cha wailesi. Paul Banda adatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe ku Balaka, komwe kudajambulidwa oimba ambiri, wamalonda O.G. Issa wa ku Limbe adakhala wofalitsa wamkulu wa makaseti, ndipo maminibasi, amene adachuluka m'misewu m'zaka za m'ma 1990, adasanduka wailesi yachiwiri yomwe palibe mkulu wa boma akadaitseka. Oimba monga Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo adatchuka kudzera m'njira imeneyi, ndipo nkhani zawo sizidalinso za ndende ndi makadi a chipani, koma za kugwa kwa kwacha, kukwera kwa mitengo ya zinthu, katangale, ulova ndi mliri wa Edzi. Mawu oti Babulo, amene Arasita adawatenga m'Baibulo potanthauza ulamuliro uliwonse wopondereza anthu, adalowa m'chilankhulo cha achinyamata, ndipo adathandiza kunena mfundo imene ambiri adayamba kuiona, yakuti kusintha kwa chipani cholamula sikudasinthe zimene zili m'mbale ya munthu wosauka.

Nthambi yachiwiri idaphukira ku Chileka, m'boma la Blantyre, m'banja la oimba la a Fumulani, lomwe kholo lake Robert Fumulani adatchuka kale ndi gulu la Likhubula River. Evison Matafale, mbale wa banjali, adali Mrasita weniweni, ndipo rege yake idali yolemera ndi yoyandikira kwambiri ku ya ku Jamaica kusiyana ndi ya ku Balaka, pamene mawu ake ankafanana ndi a mneneri wa m'Chipangano Chakale wochenjeza mtundu. Zimbale zake ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, zokhala ndi nyimbo monga "Watsetsereka" ndi "Yang'ana Nkhope", zidamupatsa mbiri yaikulu m'zaka zochepa chabe. Mu Novembala 2001 adamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula Pulezidenti Muluzi ndi boma lake, adatengeredwa ku Lilongwe, ndipo adamwalira pa 27 Novembala ali m'manja mwa apolisi. Akuluakulu a boma adanena kuti adamwalira ndi chibayo, pamene achibale ake ndi anthu ambiri adakhulupirira kuti adazunzidwa, ndipo imfayo idaonetsa kuti ufulu wolankhula wolembedwa m'malamulo atsopano a dziko udali ndi malire amene sadalembedwe. Gulu limene adaliyambitsa, Black Missionaries, lidapitiriza motsogozedwa ndi Musamude Fumulani mpaka imfa yake mu 2007, kenako ndi Anjiru Fumulani, ndipo lidasunga dzina loti Kuimba pa zimbale zake zotsatira, kwinaku likuchititsa mwambo wachikumbutso ku Chileka mwezi wa Novembala chaka ndi chaka.

Ngati ndende idali chiopsezo choyamba kwa oimbawa, chachiwiri chidali mpando. Andale ataona kuti woimba amasonkhanitsa khamu kuposa nduna, adayamba kuwakopa, ndipo pa chisankho cha 2004 Lucius Banda adalowa m'nyumba ya malamulo ngati phungu wa UDF wa kumpoto kwa Balaka, pamene Billy Kaunda adapambananso mpando mumzinda wa Blantyre. Lucius atapereka m'nyumbayo ganizo lokonza ndondomeko yochotsera pulezidenti pampando m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, adazengedwa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu, adagamulidwa mu 2006 kukakhala kundende miyezi 21, ndipo atatuluka pa apilo adatcha chimbale chake Cell 51 Maximum pokumbukira chitolokosi cha ku Zomba. Nyimbo zake zidasiyanso kumveka pa MBC kwa kanthawi. Komabe, m'zaka zomwezo nyimbo zotamanda zidabwerera m'chovala chatsopano, monga "Mose wa Lero" ya Joseph Nkasa, yomwe idamveka paliponse pa kampeni ya Mutharika mu 2009, ndipo omvera adayamba kufunsa, nyimbo iliyonse yandale ikatuluka, ngati woimbayo akulankhulira iwo kapena akulankhulira amene wamulipira.

Zimene kaimbidweka kadasiya zikuoneka m'malo angapo. Kadakweza Chichewa kukhala chilankhulo chokambira nkhani zikuluzikulu za dziko pa nthawi imene nyumba ya malamulo ndi nyuzipepala zambiri zinkagwiritsa ntchito Chingerezi, kadatsegulira njira oimba achinyamata a zamba zina amene lero amadzudzula boma kudzera pa intaneti, ndiponso kadathandiza kuti Arasita aziwoneka ngati nzika zinzathu osati anthu osokonekera, mpaka mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidagamula kuti ana a madiredi aziloledwa kuphunzira m'sukulu za boma. Lucius Banda atamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024, ali mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa nkhani za achinyamata ndi luso, khamu limene lidamulira lidali la zipani zonse, ndipo nyimbo zimene anthu adazikumbukira kwambiri sizidali za kampeni, koma zija adaimba asanakhale ndi mpando uliwonse, pamene ankadziwika ngati mwana wa munthu wosauka wa m'mudzi wa kwa Sosola ku Balaka.