Mbiri ya kaundula wa tizipangizo ta magetsi

Bolodi la magetsi lofuna tizipangizo 200 siligwira ntchito ngati tilipo 199. Apa ndi pamene ndimaona kuti panachokera mapulogalamu onse a pakompyuta osunga kaundula wa tizipangizo. Mbiri yawo inayambira m'mafakitale akuluakulu a ku America, kutali ndi timagulu ta mainjiniya atatu kapena anayi timene tikuwadalira lero.

M'zaka za m'ma 1960, Joseph Orlicky, injiniya wa ku IBM, anathandiza kukhazikitsa njira yotchedwa Material Requirements Planning, mwachidule MRP. Nzeru yake inali iyi: ukadziwa zimene ukufuna kupanga, ndiponso mndandanda wa zonse zolowa m'chinthu chilichonse, kompyuta ingathe kuwerengera zimene zikusowa m'nkhokwe ndi tsiku loyenera kuziitanitsa. Buku lake lofotokoza njirayi linatuluka mu 1975. Koma makompyuta otha ntchito yotereyi ankakwanitsa kugula ndi makampani aakulu okha. Injiniya wa m'kagulu kakang'ono ankadalira kope, timadirowa tolembedwa mayina, ndi mutu wake.

Zinthu zinasintha mu 1979 pamene Dan Bricklin ndi Bob Frankston anatulutsa VisiCalc, pulogalamu yowerengera m'mizere ndi m'madanga pa kompyuta ya Apple II. Excel inatsatira mu 1985. Kuyambira pamenepo munthu mmodzi ankatha kusunga kaundula wake patebulo, ndipo magulu ambiri akadali pomwepo mpaka lero.

Chimene chinafooketsa kaundula wotereyu ndi kuchepa msinkhu kwa tizipangizoto. Resistor yakale inali ndi miyendo iwiri ndi mizere yamitundu yosonyeza mphamvu yake, moti ukaitola pansi unkaizindikira ndi maso. Tamakono timamatidwa pamwamba pa bolodi. Ta mtundu wa 0402 ndi totalika milimita imodzi, m'lifupi theka la milimita, ndipo timabwera 10,000 pa mkombero umodzi. Capacitor ya msinkhu umenewo ilibe chilembo chilichonse pathupi. Ikangochoka m'kathumba kake yataya dzina. Vuto lina ndi lakuti kachipangizo kamodzi kamakhala ndi mayina atatu: nambala ya wopanga, nambala ya wogulitsa monga Digi-Key kapena Mouser, ndi dzina limene gululo linakapatsa. Anthu awiri akalemba mayina osiyana, kaundula amasonyeza zinthu ziwiri pamene chilipo n'chimodzi.

Mu 2007 kunabwera Octopart, yofufuzira mitengo ndi kupezeka kwa tizipangizo kwa ogulitsa ambiri nthawi imodzi, ndipo kampani ya Altium inaigula mu 2015. Kunabweranso mapulogalamu aulere monga PartKeepr, Part-DB ndi InvenTree, amene aliyense angathe kuika pa kompyuta yake. Amalumikiza mayina atatu aja, amasonyeza dirowa imene kachipangizo kali, ndipo ukawapatsa mndandanda wa bolodi amakuuza kuti tizipangizo uli nato tikwanira mabolodi angati. Imeneyi ndi nzeru ya Orlicky ija, koma tsopano yafika pa benchi la anthu atatu.

Phindu lake linaoneka bwino pa nthawi ya kusowa. Mu 2018 ma capacitor anasowa padziko lonse, ndipo mu 2021 kusowa kwa ma chip kunaimitsa mafakitale a magalimoto a Ford ndi Toyota omwe. Ogulitsa ankayamba kuthandiza ogula zambiri, timagulu tating'ono n'kutsala kumapeto kwa mzere. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Amene ankadziwa zenizeni za m'madirowa mwake ndiye ankatha kusintha mapulani msanga. Kwa ife a ku Blantyre, Lusaka kapena Harare, kumene phukusi lochokera ku Shenzhen limatha masabata panjira ndipo ndalama zakunja zimavuta, kuiwala kachipangizo kamodzi kungachedwetse ntchito mwezi wathunthu.

Komabe m'mbiri yonseyi sindikuonamo pulogalamu imene inathetsa vuto loyamba lija. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene yauzidwa. Injiniya akatapa ma resistor 20 madzulo osachotsera m'kaundula, m'mawa mnzake adzawerenga nambala yabodza, monga zinkachitikira m'kope la mu 1975.