Mmisiri Wosankhidwa Usiku

Kwathu kwa Zulu ku Mchinji, munthu akafuna kumanga nyumba ya njerwa saitana mmisiri mmodzi yekha. Amafunsa uyu, nafunsanso uyo, kuti amve mitengo, kenaka amapita kukaona nyumba zimene aliyense adamangapo kale. Akasankha mmisiri usiku, osauza mkazi wake ngakhale abale, anthu amayamba kunong'onezana kuti pali chimene akubisa. Nzeru yapamudzi imeneyi ndiyo yandichititsa kuti ndilembe za maboma amene amapereka ndalama za kafukufuku wa zida zankhondo kwa akatswiri osankhidwa mseri, popanda mpikisano.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutali, koma ine imandikhudza. Amalume anga, monga amuna ambiri a kwathu, adali munthu wa ku Joni. Podzafika 1973, Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya ku South Africa adali oposa 100,000. Dr. Banda adaletsa Wenela kulemba anthu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu athu oposa 70, koma ntchitoyo idayambiranso mu 1977 mpaka 1988. Amalume adapita ulendo wachiwiriwu, ndipo adabwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha. Msonkho wa golide amene ankakumba unkalowa m'thumba la boma la tsankho. Kuyambira kale ndakhala ndikudzifunsa kuti thumba limenelo linkagula chiyani.

Tisanafike kumeneko, tione kumene mchitidwewu udakulira. Mu 1941 boma la America lidakhazikitsa ofesi yoyang'anira kafukufuku wa nkhondo, yotchedwa OSRD, ndipo mkulu wake adali Vannevar Bush. Iyeyu sadalengeze kuti aliyense wofuna ntchito abweretse mtengo wake. Ankangosankha sukulu kapena kampani imene ankaidziwa, nalemba nayo kontirakiti yakuti boma lidzabweza ndalama zonse zimene agwiritse ntchito. Umu ndi mmene sukulu ya MIT idapezera ntchito yaikulu yokonza radar. Zifukwa zake zidali zitatu, ndipo n'zomwezo zimene timamva mpaka lero: nthawi yachepa, mdani asadziwe, ndiponso odziwa ntchitoyi ndi owerengeka. Sitingakane kuti panthawiyo zidali zomveka, pakuti radar ndi penisilini zidapulumutsa anthu ambiri.

Komabe ku America kudali anthu ololedwa kufunsa. Phungu wina, Harley Kilgore, adadandaula poyera kuti ndalama zikungopita kwa makampani ndi sukulu zazikulu zochepa. Komiti ya aphungu yotsogozedwa ndi Harry Truman inkafufuza makontirakiti a nkhondo nkhondoyo ili m'kati. Mu 1961 Pulezidenti Eisenhower, amene adali msilikali, adachenjeza anthu ake potsazika kuti asilikali ndi makampani a zida akukula mphamvu mopitirira, ndi kuti aphunzitsi a m'sukulu zaukachenjede angasanduke akapolo a ndalama za boma. Mu 1984 adapanga lamulo lakuti kontirakiti ya boma idzipikisanidwa, ndipo wofuna kulumpha mpikisano alembe chifukwa chake. Khomo lakuseri adalisiya, koma adaikapo mlonda.

Ku South Africa mlonda adamuchotsa. Mu 1974 boma lidapanga lamulo lokhazikitsa thumba lapadera la asilikali, limene aphungu sankatha kusanthula m'kati mwake. Mu 1977 bungwe la United Nations lidaletsa maiko onse kugulitsa zida ku dzikolo, ndipo apa chinsinsi chidapeza chodzikanira. Tsono mu 1981, nduna ya chitetezo ili Magnus Malan, kudayamba ntchito yotchedwa Project Coast, ya kafukufuku wa zida za mankhwala ndi tizilombo toyambitsa matenda. Woyendetsa ntchitoyi adali dokotala wachinyamata wa asilikali, Wouter Basson. Tisaiwale kuti dziko lomweli lidali litavomereza kale mu 1975 pangano la maiko loletsa zida za tizilombo.

Kayendetsedwe kake kadali kotere. Asilikali adakhazikitsa makampani ooneka ngati a anthu wamba. Awiri aakulu adali Delta G Scientific ku Midrand, yopanga mankhwala, ndi Roodeplaat Research Laboratories kumpoto kwa Pretoria, yoyesa poizoni ndi tizilombo pa nyama. Kampani ina, Infladel, inkangodutsitsa ndalama. Makampaniwa ankalandirako ntchito zina za anthu wamba kuti aphimbe maso, koma chakudya chao chenicheni chidali makontirakiti a asilikali. Padalibe labotale ina yopikisana nao. Padalibe katswiri wakunja woti awerenge pempho la ndalama nanena kuti izi n'zosatheka kapena n'zoipa. Wogwira ntchito m'chipinda chino sankaloledwa kudziwa za m'chipinda chinacho. Anthu okhawo amene ankaona chithunzi chonse adali Basson ndi akuluakulu ochepa a asilikali, amenenso ankadalira Basson yemweyo kuti awafotokozere.

Zipatso zake zidadziwika mu 1998, pamene komiti ya Bishopu Desmond Tutu yofufuza zoona idamva umboni ku Cape Town. Padatuluka mndandanda wa mu 1989 wa katundu amene adachoka ku Roodeplaat: ndudu zopakidwa tizilombo ta anthrax, chokoleti ndi mowa zothiridwa poizoni, mabotolo a tizilombo ta kolera. Izi si zida zotetezera malire a dziko, koma zophera munthu mmodzimmodzi mwakachetechete. Chaka chomwecho cha 1989 M'busa Frank Chikane, mlembi wamkulu wa bungwe la mipingo m'dzikomo, adatsala pang'ono kufa zovala zake zitapakidwa poizoni, ndipo mu 2007 Adriaan Vlok, amene adali nduna ya apolisi, adavomera mlanduwo m'bwalo. Daan Goosen, dokotala wa ziweto amene adayamba kutsogolera Roodeplaat, adauza komitiyo kuti kudalinso kafukufuku wofuna mankhwala oletsa anthu akuda kubereka iwo osadziwa. Ndikamva zimenezi ndimakumbukira amalume ataima pamzere ku kompaundi, kudikira jakisoni amene sankauzidwa dzina lake. Mankhwalawo sadapezeke, koma adafunidwa, ndipo boma lidalipira.

Chachiwiri ndicho kuonongeka kwa sayansi yeniyeniyo. Inu amene mumaphunzira kemisitiri ndi bayoloje mukudziwa kuti zimene mwapeza sizikhala zoona kufikira mnzanu ataziyesa nazitsimikiza. Kumene kulibe wotsutsa, ntchito yopanda pake imalandira ndalama chaka ndi chaka. Delta G idapanga utsi wokhetsa misozi wochuluka, komanso idapanga mandrax ndi ecstasy ambirimbiri, ati pofuna kufooketsa anthu ochita zipolowe. Mu January 1997 apolisi adagwira Basson ku Pretoria pa nkhani ya mapiritsi a ecstasy, ndipo pofufuza adapeza mabokosi a zikalata za Project Coast zimene zidayenera kukhala zitaonongedwa kale.

Chachitatu ndi chuma. Ulamuliro wa tsankho utayamba kugwedezeka, cha m'ma 1991, makampani aja adaperekedwa m'manja mwa akuluakulu ao omwewo pa mtengo wozizira, ndipo ena mwa iwo adasanduka mpondamatiki. Zomangidwa ndi msonkho wa onse zidathera m'matumba a anthu ochepa. Mlandu wa Basson udayamba mu October 1999, ali ndi milandu 67, ina ya kupha, ina ya chinyengo. Mu April 2002 Jaji Willie Hartzenberg adampeza wosalakwa. Chigamulocho chilipo ndipo sindichilumpha. Chimene ndikuona ine n'chakuti boma limene lidalamula kuti munthu asafunsidwe kwa zaka khumi lidatha zaka ziwiri ndi theka likumufunsa, osapindula kanthu. Woponya mbuzi yake m'phanga usiku asadandaule kukacha kuti palibe mboni.

Wina anena kuti ife Amalawi tilibe labotale ya nkhondo, nanga zikutikhudza bwanji? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Khomo lija la chinsinsi cha chitetezo nafenso tili nalo. Mu 2013 boma la Mai Joyce Banda lidapangana ndi kampani ya ku South Africa ya Paramount Group za zida za madola 145 miliyoni, kuphatikizapo maboti olondera pa nyanja. Mu 2014 nduna ya zachuma ya boma lotsatira, a Goodall Gondwe, idati panganolo lidali lodula ndi losatsata malamulo, pamene kampaniyo idaumirira kuti zonse zidayenda bwino. Mu June 2022 Pulezidenti Chakwera adauza mtundu kuti pakati pa 2017 ndi 2021 asilikali ndi apolisi adapereka makontirakiti 16, a madola oposa 150 miliyoni, kwa makampani asanu a munthu mmodzi, Zuneth Sattar, amene amakana kuti adalakwa. Kumeneku kudali kugula katundu, osati kafukufuku, koma m'nkhani zonse ziwiri eni msonkho adamva zinthu zitachitika kale. Malamulo athu ogulira katundu wa boma, kuyambira lija la 2003, amati njira yoyamba ikhale mpikisano woonekera, ndipo kugula kwa munthu mmodzi kukhale kwa apo ndi apo.

Sindikunena kuti dziko lisakhale ndi zinsinsi. Ngakhale kwathu mfumu ndi nduna zake ali ndi nkhani zao zakuseri. Koma chinsinsi chiyenera kubisa kapangidwe ka chida, osati dzina la wolandira ndalama, kuchuluka kwake ndi chifukwa chimene adasankhidwira. Zimenezo komiti ya aphungu ndi mkulu wowerengera ndalama za boma ayenera kuziona, ngakhale atatseka chitseko.

Anzanga apasukulu pano, ambiri mwa akatswiri a ku Roodeplaat ndi Delta G sadali zigawenga pachiyambi. Adali madokotala a ziweto ndi akatswiri a mankhwala ochokera m'sukulu zaukachenjede ngati yathuyi, okopeka ndi malipiro abwino ndi zipangizo zimene kwao kudalibe. Ife amene labotale zathu zimasowa ngakhale mankhwala oyesera tingakopeke msanga kuposa iwo. Tsiku lina mwina munthu wa suti adzakupezani, nadzati boma lakusankhani inu nokha, ndalama zilipo, koma musauze munthu. Mudzamufunse kuti ndani winanso adafunsidwa, ndipo ndani adzawerenge zimene mudzapeze. Amalume sadali ndi mwai wofunsa mafunso amenewa, pakuti ankangodinda chala. Inu mumatha kuwerenga kontirakiti.